K270,000 yalowera kuti?

Nambewe: A Tcheya, Loweruka munati phindu lonse la banki mkhonde yathu ndi K2,745,000. Lero mlembi akuti K2,475,000. Tilipo anthu 18, ndiye aliyense amayenera kulandira K152,500, pano mukuti K137,500. K15,000 yanga ili kuti?

Tcheya: Ine ndinawerenga zomwe zinalembedwa m'kope, amayi. Tisatukwanane pano.

Mlembi: Anzanga, tsiku lija mukudziwa ndinachokera kumaliro a alamu anga, osagona masiku awiri. Magalasi anathyoka pa minibasi, ndimalemba ndi tochi ya foni. Ndinapempha kuti wina andithandize, nonse munati mukuthamangira kumsika.

Nambewe: Maliro omwewo ndi amene munanena mu June pa chindapusa chija.

Mlembi: Awo anali ena.

Aphunzitsi: Taimani. Onani manambala awiriwo bwinobwino: 2,745,000 ndi 2,475,000. Manambala ndi omwewo, 7 ndi 4 angosinthana malo. Munthu akatembenuza manambala choncho, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. 270,000 kugawa ndi 9 ndi 30,000. Ndipo 3 ameneyo ndi 7 kuchotsa 4. Owerengera ndalama amagwira zolakwa zawo ndi njira imeneyi. Apa dzanja linangoterereka.

Amake Tamanda: Masamu ake abwino, aphunzitsi, koma ngongole ya achimwene a Tcheya inali zingati?

Tcheya: Imeneyo ikubwera bwanji apa?

Amake Tamanda: Inali K270,000. Ndipo si membala. Ndime 6 ya malamulo a gulu lathu tonse tikuidziwa.

Tcheya: Inali K250,000, inabwezedwa mu September.

Amake Tamanda: Ndi chiwongola dzanja? Musatione ngati ana.

Aphunzitsi: Ndinene zoona, kugawika ndi 9 si umboni. Pa manambala asanu ndi anayi aliwonse otsatizana, imodzi imagawika ndi 9 basi, ngakhale pasakhale cholakwa. Ine ndangoti n'zotheka. Tiphatikizenso masamba onse kuyambira January, zioneka.

Nambewe: Ndiye mwatithandiza chiyani? Ine ndinalonjeza kale kwa wogulitsa feteleza.

Msungichuma: M'bokosi muli K2,475,000. Tinawerenga anthu atatu.

Nambewe: Atatu ake ndani? Kiyi wachiwiri ali ndi yemwe uja anasowa mwezi wathunthu.

Nachisale: Munditchule dzina ngati mukunena ine. Ndinali kuchipatala ndi mwana, ndipo a thumba la ngozi sanandipatse ngakhale tambala. Pomwe ena mbuzi itangodwala analandira.

Tcheya: Amayi, nkhani imodzi kaye.

Nachisale: Komanso mphasa zimene timakhalira ndi zanga, ndikuzifuna.

Mlembi: Kope ndibweretsa Lachitatu, aliyense adzaphatikize yekha. Ndatopa kunenedwa.

Amake Tamanda: Mubweretsenso lakale lija lachikuto chofiira.

Mlembi: Limenelo linanyowa ndi mvula.

Nambewe: Ehee.

Nambewe: A Tcheya, ndikuona mwawerenga mauthengawa. Tiyankheni za September.