Tigule staple gun ndi mpukutu wa kanvasi, kapena tigule makanvasi okoka kale?

Nangondo: Anzanga, chionetsero chathu cha zithunzi zojambula ndi penti, cha anthu asanu, chatsala miyezi iwiri, ndipo eni malo akufuna chithunzi chilichonse chibwere chokoka pa felemu, chongopachika. Zithunzi ndi 20: 16 za 60 cm ndi 80 cm, zinayi za 100 cm ndi 120 cm. Ena akuti tisonkhe tigule staple gun (mfuti yokhomera mastepulo), pulayala yokokera nsalu ndi mpukutu wa kanvasi (nsalu yojambulapo), mafelemu atikhomere akalipentala. Ena akuti tingopita ku Blantyre kukagula okoka kale. Tithandizane.

aPhiri: Achemwali, yambani ndi masamu a nsalu. Felemu yokhuthala 4 cm imafuna kuti mbali iliyonse musiye nsalu yapadera ya 7 cm, yoti ipinde m'mbali mpaka kumbuyo. Ndiye chithunzi cha 60 ndi 80 chimadya 74 ndi 94. Ngati mpukutu ndi wa 150 cm m'lifupi, ziwiri zikwana mzere umodzi, mizere 8 ndi mamita 7.5. Zazikulu zinayi zija chilichonse chitenga mzere wakewake wa 114 cm, pamodzi mamita 4.6. Zonse ndi mamita 12 ndi pang'ono. Mpukutu wa mamita 10 sukwana, ndipo apa sitinawerengere yowonongeka pophunzira kukoka.

Nasibeko: Ine ndikuti gulani okoka kale. Miyezi iwiri si nthawi yophunzirira ukalipentala. Kanvasi wosapakidwa kanthu amafuna gesso (penti woyera woyambira, wokonzera nsalu musanajambule) katatu, kupaka kulikonse kuume kaye, mupale ndi sandipepa wa 220, kenako mupakenso. Kuchita zimenezi pa zithunzi 20, sabata yatha musanagwire burashi yojambulira.

aPhiri: Zazing'ono ndikuvomereza. Koma okoka kale akuluakulu ambiri ali ndi timatabwa topyapyala, ta 2 cm kapena kucheperapo, opanda mtanda kumbuyo. Wa 100 ndi 120 wotere ukaupachika ngodya imodzi imadzuka pakhoma. Komanso muganize zowanyamula pa minibasi kuchoka ku Limbe. Akamangidwa ndi matumba ena, chilichonse chosongoka chikatsamira nsalu chimasiya chotupa.

aMbewe: Nonse mukukangana za mfuti ndi nsalu, pamene chimene chimagwetsa anthu kuno ku Zomba ndi thabwa. Paini wa m'phiri wongocheka kumene amakhala ndi madzi ambiri. Kalipentala akhoma felemu lero ili yowongoka bwinobwino, pakatha masabata atatu yauma n'kupotoka, nsalu yachita makwinya kuchokera pa ngodya. Palibe staple gun imene ingakonze zimenezo. Ngati mupita njira ya akalipentala, nyamulani thabwalo m'manja: louma limapepuka, laliwisi limalemera ndipo limazizira mukaligwira. Kanani lokhala ndi mfundo zikuluzikulu, pamfundo ndi pomwe limakhotera, ndipo utomoni umatulukira pomwepo n'kudetsa nsalu. Liyang'aneni ndi diso limodzi kuchokera kumapeto ngati mukuwongola mzere.

Nangondo: Nanga kalipentalayo timuuze chiyani kwenikweni? Ambiri adazolowera mafelemu a mawindo.

aMbewe: Mumuuze kuti nkhope ya thabwa yoyang'ana nsalu aipale mopendekera mkati, kuti nsalu izikhudza m'mphepete mwa kunja mokha. Akapanda kutero, burashi ikamadutsa pamatuluka mzere wa thabwa kuzungulira chithunzi chonse, ndipo sufufutika. Ngodya azidule pa madigiri 45, apake guluu wa matabwa, kumbuyo akhome timakona ta plywood. Mbali iliyonse yofika mita ikhale ndi mtanda pakati, wolowa mkati pang'ono kuti usagunde nsalu. Musanalipire yezani ndi tepi kuchoka ngodya iyi kufika yoyang'anizana nayo, kenako inayo. Miyezo iwiriyo ikasiyana, felemuyo si sikweya.

aPhiri: Kukoka kwake sikovuta. Mastepulo a 8 mm kapena 10 mm akukwana pa paini. Yambani pakati pa mbali imodzi, mukoke ndi pulayala n'kukhoma pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, kenako mbali ziwiri zotsalazo. Muzipita kungodya pang'onopang'ono, mastepulo motalikirana 5 cm, uku ndi uku mosinthana. Ngodya zipindidwe pomaliza. Amene amamaliza mbali imodzi yonse asanapite ina ndiye amapeza nsalu yakhota. Ngati kanvasi ndi wosapakidwa musakoke mpaka kulira ngati ng'oma, chifukwa gesso akamauma amamukokanso, ndipo felemu yofooka imapindika.

Nasibeko: Pogula mfutiyo onetsetsani kuti mastepulo a nambala yake akupezeka. Mitundu yake ndi yosiyana m'lifupi, wina salowa mwa mnzake. Gulani mabokosi awiri tsiku lomwelo. Ndipo wina asabwere ndi nzeru ya kaliko ndi penti wa m'nyumba. Kaliko ndi wopyapyala, amang'ambika pa stepulo, ndipo penti wa khoma amasweka nsalu ikagwedezeka. Kwa amene akujambula ndi penti wa mafuta ndiye zoopsa: mafutawo akalowa mu thonje losatetezedwa amaliwoletsa pakapita zaka.

Nangondo: Alipo mmodzi wa mafuta. Akufunsanso ngati tigule vanishi.

Nasibeko: Wa mafutayo asapake vanishi womaliza. Amafuna chithunzi chiume miyezi 6 kapena kuposa. Agule retouch varnish, amene amapakidwa mopyapyala penti akangouma pogwira. A acrylic adikire sabata, ndipo asankhe tsiku la dzuwa. Kupaka vanishi kukuchita nkhungu kapena chiperoni, amauma ndi mtambo woyera pamwamba, makamaka pa mitundu yakuda. Zithunzi musaziyedzamiritse pakhoma lonyowa kapena pansi pa simenti, kumbuyo kwa nsalu kumachita chuku.

aMbewe: Ndalama ina musunge ya zopachikira, anthu amaiwala. D-ring (tizitsulo tozungulira tomangirapo waya) ziwiri kumbuyo kwa chithunzi, zomangidwa pa gawo limodzi mwa atatu kuchoka pamwamba, ndi waya woluka, osati chingwe cha nayiloni chomwe chimatamuka. Mugwirizane kuti pakati pa chithunzi chilichonse pakhale 150 cm kuchoka pansi. Anthu asanu aliyense akapachika mwake khoma limaoneka losokonekera.

Nangondo: Ndiye 16 zazing'ono tigule zokoka kale, zinayi zazikulu tikoke tokha? Atidulire mamita 5 a kanvasi, osati mpukutu wonse.

aPhiri: Tengani 6, imodzi idzang'ambika. Staple gun gulani ndithu, yamanja, yachitsulo. Yamagetsi siyofunika pa mafelemu anayi, ndipo magetsi akathima ntchito yaima.

Nasibeko: Pulayala yokha ndikukanabe. Pa zithunzi zinayi bwerekani.

aMbewe: Bwerekani ikapezeka ya kukamwa kotakata. Ya makaniko imaboola nsalu. Matabwa pitani mukasankhe sabata ino, muwaike pamthunzi atasanjikizana, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, kalipentala adzawadule pakatha masabata awiri.