Zowonjezera pa funso la ulendo wa ku Canterbury

Mayi amene munafunsa ngati mungachoke ku London, kukaona Canterbury n'kubwerera tsiku lomwelo, tinakuyankhani kuti n'zotheka. Zatsala ndi zimene zimasokoneza anthu panjira.

Ku Canterbury masiteshoni a sitima alipo awiri. Sitima yothamanga imachokera ku siteshoni ya St Pancras mu London n'kukaima pa Canterbury West pakatha pafupifupi ola limodzi, pomwe yochokera ku siteshoni ya Victoria imakafika pa Canterbury East ndipo imachedwerako. Tikiti yotchipa nthawi zambiri siloledwa m'sitima yothamangayo, choncho iwerengeni bwino musanakwere, kuopa kulipitsidwa zina m'njira. Khadi ya Oyster, yolipirira maulendo a mu London, sifika kumeneko.

Mukatsika pa West, dutsani pachipata cha Westgate, mutsate msewu waukulu, kenako mukhotere kumanzere mu Mercery Lane mpaka pa bwalo la Buttermarket. Polowera ku tchalitchi chachikulu cha Canterbury Cathedral ndi pa Christ Church Gate. Okaona malo amalipira, koma opita kumapemphero salipira. Chonde musaphonye mapemphero a madzulo otchedwa Evensong, pamene kwaya imaimba. Kungojambula zithunzi n'kutuluka n'kudzimana.

M'katimo funsani malo otchedwa Martyrdom, pamene Thomas Becket, bishopu wamkulu wa Canterbury, anaphedwera pa 29 Disembala 1170. Pakhoma pali malupanga achitsulo osongoka, ataloza pansi pa guwa laling'ono. Masitepe opita ku Trinity Chapel, kumene kunali manda a Becket, anaperepeseka pakati chifukwa cha miyandamiyanda ya anthu amene anakwerapo, ndiye pondani mosamala.

Lamlungu nthawi ya alendo imachepa, ndipo mu Julayi mbali ina imatsekedwa masiku ena chifukwa cha mwambo wopereka madigiri a University of Kent. Yang'aniranitu tsiku musanagule tikiti.