Kodi kusintha ekizozi ya Hilux ya dizilo kuli ndi phindu?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka akuluakulu odziwa za magalimoto a dizilo.

Ndili ndi Toyota Hilux 2.5 D-4D ya 2010 yomwe ndimanyamulira chimanga kuchokera ku Mitundu kubwera m'tauni ya Lilongwe muno. Ekizozi yake yadyeka ndi dzimbiri, sayilensa yabooka kunsi, ndipo ikalemedwa pamtunda imachita ulesi kwinaku ikufuka utsi wakuda.

Ndinawotcheretsapo ku Biwi, koma sipachedwa kung'ambikanso m'mbali mwa chigamba. Fyuluta ya mpweya ndi ya dizilo ndasintha, ma injector anatsukidwa. Utsi wachepako, mphamvu ndi yomwe ija.

Tsono makaniko wina akuti ndiike paipi yaikulu ya mainchesi 3 yopanda sayilensa, ati turbo izipuma bwino ndipo mafuta izimwa pang'ono. Za mafutazo ine ndikukayika. Komanso ndimanyamuka mbandakucha, sindikufuna kudana ndi aneba ku Area 25 kuno.

Inu amene munayesapo, mphamvu imawonjezekadi osakhudza kompyuta ya injini? Nanga ku COF (koyeza ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) sabweza galimoto chifukwa cha phokoso? Kapena ndingosaka ekizozi ya orijino basi? Ngati mukudziwa opinda mapaipi bwino mu Lilongwe muno, ndilozereni chonde.