Nkhadze yakana kuuma mupulesa

Tiyamike: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nthambi za nkhadze zomwe ndinapanikiza mupulesa (chopanikizira zomera pakati pa nyuzipepala kuti ziume n'kusungidwa) zatha milungu itatu zikadali zobiriwira. Zina zachita chuku, zina zikuduka m'mfundo ndikangokweza nyuzipepala. Ndikulakwitsa pati?

A Banda: Simunaiphe, ndiye vuto lake. Nkhadze imasunga madzi m'nthambi, ndipo timabowo topumira ta panthambipo timatseguka usiku, masana timatseka. Ikakhala mupulesa imangoyesa ndi chilimwe, imadikira. Ikani nthambizo mufiliza masiku awiri, kapena muziviike m'madzi owira kamphindi kochepa, kenaka mupanikize. Nyuzipepala muzisintha tsiku lililonse sabata yoyamba, chifukwa ikafa imatulutsa madzi ambiri.

Chisomo: Ine madzi owira ndinasiya, mtundu umathimbirira. Ndimaviika mu sipiliti usiku umodzi. Zonenepa ndimazing'amba pakati m'litali. Koma valani magalasi ndi magolovesi, chonde. Ndinadzipukuta thukuta ndi chala cha utomoni, diso linatupa ngati ndalumidwa ndi mavu, ndipo ndinalitsuka pampopi kwa nthawi yaitali ndisanathamangire kuchipatala.

Tiyamike: Pepani! Nanga masamba? Mwanga mulibe ngakhale limodzi.

A Banda: Masamba ake ndi ang'onoang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri, ndipo amayoyoka msanga. Afunefuneni kunsonga zanthete. Maluwanso ali komweko, timagulu tachikasu tija timati cyathia. Zipatso zili ndi zipinda zitatu ndipo zikauma zimaphulika, ndiye muziike mu envelopu yakeyake.

Mayi Gondwe: Ndifunseko, mwatsimikiza kuti ndi nkhadze yeniyeni, ija ya dzina lasayansi loti Euphorbia tirucalli? Chopanda masamba ndi maluwa chimanamiza, poti pali zomera zina zofanana nayo. Rhipsalis baccifera imaoneka chimodzimodzi koma ilibe utomoni woyera. Cynanchum viminale utomoni ili nawo, koma imayanga, ndipo nthambi zake zimatuluka moyang'anizana. Pa lebulo mulembenso ngati inali yobzalidwa pampanda kapena yomera yokha. Mtengowu kanthambi kakangogwa pansi kamagwira, n'chifukwa chake unafala mpaka ku India ndi ku Brazil. Katswiri wa zomera Linnaeus pomatchula dzina loti tirucalli mu 1753 anatenga mawu a ku Malabar, ku India, chonsecho mtengo wake ndi wa ku Africa.

Tiyamike: Utomoni unali mbwee, ndipo inali yoima yokha ngati chitsamba, osayanga. Zachukuzi ndataya. Mawa ndikathyola zina zokhala ndi nsonga, theka mufiliza, theka mu sipiliti, tione zomwe ziume bwino.

Chisomo: Mukajambule isanalowe m'sipiliti.