Tanthauzo la mwambi woti "mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa"

Wofunsa, wa ku Kasungu koma akukhala ku Zomba

Akuluakulu, ndikupempha kuti mundimasulire mwambi woti "mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," chifukwa ndaumva ukunenedwa m'njira ziwiri zosagwirizana, ndipo ntchito imene ndili nayo m'manja ikufuna kuti ndiumvetse bwino. Ena amaunena moyamikira, kutanthauza kuti munthu wobwera angathe kuthetsa vuto limene lakanika eni mudzi. Ena amaunena mochenjeza, kuti wobwera amacheka mopanda chisoni podziwa kuti bala likamadzatukusira iye adzakhala atapita. Kodi makolo ankatanthauza chiti, nanga kalumoko kakuthwa chifukwa chiyani?

Chandifunsitsa ndi ichi. Ndidasamukira ku Zomba posachedwapa chifukwa cha ntchito, ndipo madzulo ndikaweruka ndikudziphunzitsa kulemba nthano yaitali, ngakhale kuti m'mbuyo monsemu ndakhala ndikulemba nkhani zazifupi zokha. Mwininkhani wanga ndi mesenjala wa m'maofesi a boma amene adatsala kuno pamene likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Popeza Nyumba ya Malamulo idakhalabe ku Zomba mpaka 1994, tauniyi sidazime tsiku limodzi koma idachita kuzilala pang'onopang'ono, ndipo kuzilalako ndi kumene ndikufuna kuti owerenga akumve kudzera m'moyo wa munthu mmodzi.

Pakadali pano maso anga akuona zambiri zimene anzanga a kuntchito adasiya kuziona. Ndimaima kuyang'ana anthu akutsika m'phiri atasenza mitolo ya nkhuni za paini zotalika kuposa iwo eni, akuyenda mothamanga pang'ono kuti mtolowo usawagwetse. Ndidaimanso pa nsanja ya wotchi ija ya chikumbutso cha asilikali, pafupi ndi Cobbe Barracks, pamene anzanga amene amadutsapo tsiku ndi tsiku sakumbukira n'komwe tsiku limene adaiyang'ana komaliza. Komabe ampangankhani anga akatsegula pakamwa amayankhula za kwathu. Iwo amati "ndidapita," pamene aneba anga amati "ndinapita" ndipo nkhani ikakoma amalowa m'Chiyao osazindikira. Choncho ndikufuna kudziwa ngati mwambiwu ukundilimbikitsa kulemba za tauni ya eni, kapena ukundiuza kuti ndibweze kalumo m'thumba.

Mphunzitsi wopuma pantchito, ku Ntcheu

Bambo, mwafunsa bwino, ndipo ine ndiyankha monga mmene ndidaumvera mwambiwu kwa akulu amene ankakhala pabwalo la milandu. Malezala asanabwere m'masitolo, lumo linkachita kusulidwa, ndipo silinali chinthu chopezeka m'nyumba iliyonse. Linkagwira ntchito yometa, makamaka pometa maliro ndi pachinamwali, komanso potema mphini. Lumo loyenda m'manja mwa mudzi wonse silichedwa kubuntha, ndipo amene adametedwapo ndi lumo lobuntha amadziwa kuti limazula tsitsi m'malo molidula. Munthu wa paulendo ankasunga kake kolinola bwino chifukwa sankadziwa kumene akagone. Apo ndi pamene padachokera mwambiwu.

Koma tanthauzo lake lenileni limaonekera pa mlandu. Tiyerekeze kuti anthu awiri akukangana za malire a munda. Amfumu ndi malume ake a mmodzi, nduna idakwatira mchemwali wa winayo, ndipo mboni iliyonse ili ndi ngongole ya chimanga kwa wina mwa awiriwo. Aliyense akudziwa pamene pagona nkhani, koma palibe amene angatchule chifukwa mawa adzafunana pa maliro. Ndiye mlendo amene wakhala chapatali, atapatsidwa mwayi woyankhula, amangofunsa kuti, "Kodi mtengo wa msuku umene mukuutchulawu adaudula ndani?" Funsolo aliyense ankalidziwa, koma mlendo yekha ndiye adatha kulifunsa. Kalumo kake kakuthwa osati chifukwa ali ndi nzeru kuposa eni mudzi ayi, koma chifukwa ubale sudakabunthitse.

Motero mwambiwu ndi woyamikira, ndipo umayenda limodzi ndi ija yoti "mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka" komanso "mlendo sathyola mphasa." Yonseyi imalangiza eni mudzi kuti asanyoze wobwera. Chimene ndikufuna muchisunge ndi chakuti mwambiwu ndi wa m'kamwa mwa eni mudzi. Sindidamvepo mlendo akudzinenera yekha kuti wadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo atati atero anthu angomuseka. Komanso munthu sametedwa akuyenda. Amayamba wakhala pansi, wanyowetsa mutu ndi kuupereka yekha kwa wometayo.

Mayi wobadwira ku Chinamwali

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kumasulira kwanu, ndipo sindikutsutsa kuti chiyambi cha mwambiwu ndi chimenecho. Koma musawadabwe amene amaunena mochenjeza, chifukwa kawirikawiri amakhala anthu amene anachekedwapo. Ife a ku Zomba tazolowera kulembedwa ndi alendo. Anayamba ndi azungu a boma lachitsamunda, kenako ophunzira ndi aphunzitsi amene akhala akubwera chisamukire Chancellor College kuno mu 1973, ndipo ambiri mwa iwo amaona zofanana: phiri, nkhungu, nyumba zakale za njerwa zofiira ndi ana ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe. Zimenezi zilipodi, koma ndi nkhope ya tauni, yomwe aliyense wotsika basi amaiona.

Achimwene ofunsa, mesenjala wanuyo sangaime kuyang'ana phiri chifukwa cha kukongola kwake. Amaliyang'ana mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, chifukwa anakula akumva za Napolo amene anatsika m'phirimo mu Disembala 1946 ndi kukokolola milatho ndi anthu. Agogo anga mvula yoteroyo ikagwa sankagona, ankangotuluka pakhonde kukamvetsera mkokomo wa madzi. Mkazi wa mesenjalayo amadziwa mmene nyanja ya Chilwa ilili popanda kupita ku Kachulu, amangoona kukula kwa mulu wa matemba pamsika. Nyanjayo itauma mu 1995 komanso mu 2018, nkhaniyo inafika m'mapoto athu isanafike m'manyuzipepala. Zinthu zotere sizioneka ndi maso akuthwa, zimamveka munthu akakhalitsa.

Chachikulu kwambiri ndi ichi: munthu wogwira ntchito m'boma mu 1975 sankayankhula momasuka monga mmene tikuchitiramu. Ndende ya Mikuyu ili pafupi ndi tauni yomweyi, ndipo dzina lake anthu ankalitchula motsitsa mawu. Ngakhale Jack Mapanje, yemwe anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 ndi kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ngati zinachitikira munthu wodziwika chotero, ganizirani mmene mesenjala wonyamula makalata a mabwana ankasamalira lilime lake m'basi kapena pamowa. Ngati ampangankhani anu akudandaula mokweza za kusamuka kwa likulu, wowerenga wa kuno wa zaka zimenezo adzatseka bukulo. Kudandaula kunalipo, koma kunkabisala m'nthabwala ndi m'kukhala chete.

Ndiye ine ndikuwonjezerani mwambi wina kuti muuike pambali pa woyambawo: "ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Buku ndi mlomo umene sufufutika. Zomba ndi tauni yaing'ono, ndipo ukangolemba za mesenjala wotsimphina wa ku Matawale, anthu khumi adzanena kuti ndi bambo awo.

Wowerenga wina, ku Mangochi

Ine ndingowonjezerapo pang'ono pa zimene anena aphunzitsi. Tisaiwale kuti makolo anati kalumo, sanati nkhwangwa kapena chikwanje, ngakhalenso lumo. Anachita kuchepetsa dala. Thandizo la mlendo ndi laling'ono ndipo ndi la pamalo amodzi: funso limodzi, mankhwala amodzi, nzeru imodzi. Mlendo salima munda wonse ndipo samanga mudzi. Ndikuganiza kuti kusagwirizana kumene wofunsa wakumana nako kukuchokera pamenepa, chifukwa mlendo akaiwala kukula kwa chida chake ndi pamene mwambi woyamikira umasanduka wochenjeza.

Mlembi amene amawerengera anzake zolemba, ku Blantyre

Achimwene, ine za chiyambi cha mwambi ndazisiya kwa akulu, koma ndiyankhepo za mmene ukukhudzira ntchito yanu, chifukwa vuto lanu ndi la aliyense amene akuchoka ku nkhani yaifupi kupita ku nthano yaitali. Nkhani yaifupi imatha kuima pa chinthu chimodzi chimene wolemba wachiona mwakuthwa, monga wosenza nkhuni mwamutchula uja. Nthano yaitali imafuna kudziwa kumene munthuyo amagona, amene amamukongoza ufa, zimene amachita mwezi wa Febuluwale njira za m'phiri zikaterera, ndiponso mmene adzakhalire pakatha zaka makumi awiri. Choyambacho ndi mphatso ya mlendo, chachiwiricho ndi chuma cha mwini mudzi, ndipo buku lalitali limafuna zonse ziwiri.

Choyamba, dziwani kuti kuthwa kumene muli nakoku sikukhalitsa. Ikadzatha nyengo imodzi ya mvula nanunso muzidzadutsa pa nsanja ya wotchi ija mutu uli pa foni. Choncho lembani tsopano m'kope lapadera zonse zimene zikukudabwitsani, osayesa kuzikongoletsa kapena kuzilowetsa m'nkhani. Lembani mmene amayi a pamsika amaitanira ogula, mmene akabaza amatchulira malo, ngakhale mawu enieni amene mwininyumba wanu amanena akamakumbutsa za lendi. Kopelo lidzakuthandizani pa nthawi imene maso anu adzakhale atazolowera koma makutu anu atayamba kumva.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti pali mfundo yaikulu, funsani kuti akusimba nkhaniyi ndani. Monga anenera mayi a ku Chinamwali, mesenjala wobadwira kumeneko sangafotokoze zimene inu mukuziona, chifukwa munthu safotokoza khomo la nyumba yake. Amangozindikira chimene chasintha, monga zenera la ofesi limene kale linkatsegulidwa m'mawa uliwonse koma lero ndi lotseka. Mukakakamiza maso a mlendo m'mutu mwa mwini mudzi, wowerenga amamva kuti penapake pali bodza ngakhale sangathe kuloza pamene lili. Njira imodzi ndi yoti wosimba nkhani akhale mlendo weniweni, mwina kalaliki wachinyamata wa ku Kasungu amene akuchita lendi kuseri kwa nyumba ya mesenjalayo atakalamba. Pamenepo "ndidapita" wanu uja salinso cholakwa koma chizindikiro cha mpangankhani, ndipo zimene simukuzidziwa zimasanduka zimene iye akuvutika kuzifufuza. Mkuluyo angathe kumunamiza, kumubisira, kapena kumuuza nkhani imodzi m'njira zitatu zosiyana, ndipo nthano yaitali imakula bwino pa zinthu zoterozo.

Za mbiri, muli ndi mwayi chifukwa National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko, ili mu Zomba momwemo, ndipo manyuzipepala akale angakuuzeni zimene boma linkanena. Koma zimene anthu ankaganiza mukazipeza kwa akulu osewera bawo, ndipo kumeneko musapite ndi kope m'manja tsiku loyamba. Mukalemba zokambirana za ampangankhani, ziwerengeni mokweza pamaso pa mneba wanu. Akaseka pamalo pamene simunafune kuti aseke, funsani chifukwa chake.

Wofunsa

Ndathokoza nonse, makamaka aphunzitsi pondikumbutsa kuti mwambiwu ndi wa m'kamwa mwa eni mudzi. Ndiyesa kulembanso mutu woyamba kuti wosimba nkhani akhale wochita lendi uja, ndipo mayi a ku Chinamwali, ngati mungalole, ndidzakutumizirani kuti muone ngati mesenjalayo akuyankhula monga munthu wa nthawi yake. Sadzatsimphina, ndipo sadzakhala wa ku Matawale.

Koma mayankho anu abala funso lina limene likukhudza nkhani yanga mwachindunji. Kodi munthu amasiya liti kukhala mlendo m'mwambi umenewu? Dera la Zomba lidalandira Ayao amene adapeza Anyanja, kenako Alhomwe ochokera ku Mozambique, kenako ogwira ntchito m'boma ochokera m'zigawo zonse, moti ambiri mwa amene lero ndi eni ake makolo awo adafika ngati alendo. Mesenjala wanga ndidamulemba ngati mkamwini amene wakhala kwawo kwa mkazi wake chakufupi ndi Songani kwa zaka zoposa makumi atatu. Adabereka ana kumeneko, amalima kumeneko, koma munda si wake ndipo pa nkhani za mbumba amakhala chete. Aphunzitsi, pabwalo la milandu lija, mkamwini wotere akanyamuka kuti afunse za mtengo wa msuku, akulu ankamuwerengera ngati mlendo wa kalumo kakuthwa, kapena ankamuuza kuti akhale pansi chifukwa nkhaniyo si ya akamwini?