Bandi yaikulu ya jazi: anthu 17 amenewa amagawana bwanji?

Wongoyamba:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mabandi aakulu a jazi ndi swing (mtundu wa jazi wovinira) ambiri amakhala ndi oimba 17. Chiwerengerochi chinachokera kuti, nanga zida amazigawa bwanji?

Wamalipenga:
Nthawi zambiri zimakhala motere: masakisofoni 5 (alto awiri, tenor awiri, baritone imodzi), malipenga 4, mathiromboni 4 kuphatikizapo ya besi, kenako anayi osunga kayendedwe ka nyimbo: piyano, besi, ng'oma ndi gitala. Koma poyamba sanali ochuluka chonchi. M'zaka za m'ma 1920 bandi ya Fletcher Henderson ku New York inali ya anthu pafupifupi 11. Don Redman, amene ankakonza nyimbo zake, ndiye anakhwimitsa njira yoti masakisofoni aziitana, malipenga azivomera. Louis Armstrong atalowa bandiyi mu 1924, kaimbidwe kake kanasintha gulu lonse. Tuba ndi banjo zinadzasiyidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, m'malo mwake kunabwera besi ya zingwe ndi gitala, ndipo mpamene kugunda kanayi kofanana kwa swing kunayamba kumveka mopepuka.

Wokonza Nyimbo:
Mwafotokoza bwino, akulu. Ine ndiwonjezere za kakhalidwe, poti ambiri amalakwitsa pamenepa. Masakisofoni amakhala kutsogolo, mathiromboni pakati, malipenga kumbuyo. Alto woyamba, thiromboni woyamba ndi lipenga loyamba akhale pamzere umodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, kuti azimvana podula mawu ndi popuma. Mukawabalalitsa, aliyense amatseka noti pa nthawi yake ndipo nyimbo imamveka yong'ambika. Solo ya malipenga kawirikawiri amapatsidwa wachiwiri, chifukwa woyamba milomo yake imatopa ndi manoti apamwamba.

Polemba samalaninso: alto ndi baritone zili mu E flat, tenor ndi lipenga mu B flat, kutanthauza kuti manoti awo amalembedwa mosiyana ndi mmene amamvekera, pomwe thiromboni imawerenga manoti monga akumvekera. Ndipo musathithikize manoti moyandikana kunsi. Baritone ndi thiromboni ya besi zikayandikana kwambiri, phokoso limangokhala matope.

Wambiri Yakale:
Nyengo ya swing ambiri amaiyambira pa 21 Ogasiti 1935, Benny Goodman ataimba ku Palomar Ballroom ku Los Angeles, ngakhale Duke Ellington anali atatchuka kale ku Cotton Club, malo achisangalalo a ku New York, kuyambira 1927. Ine ndimati amene akufuna kumva ntchito ya anayi osunga kayendedwe ka nyimbo aja amvetsere bandi ya Count Basie: Basie mwiniwake pa piyano, Freddie Green pa gitala, Walter Page pa besi, Jo Jones pa ng'oma. Kugwa kwa nyengo ya swing kunadza ndi nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Oimba ambiri anatengedwa usilikali, bungwe la oimba la American Federation of Musicians linaletsa kujambula nyimbo kuyambira 1942 mpaka 1944, ndipo mu 1944 boma la America linaika msonkho waukulu pamalo ovinirako. Kulipira anthu ochuluka chotero kunakhala kovuta, moti mu Disembala 1946 mabandi angapo otchuka, kuphatikizapo a Goodman ndi Woody Herman, anatha.