Za mwendo wa mlongo wathu ku Limpopo, ku South Africa

Achemwali: Abale, mlongo wathu uja wagonanso osaonana ndi dokotala. Mwendo watupa mpaka m'bondo. Amene atumiza gawo lawo la ndalama tikusonkhazi ndi Azakhali, msuweni ndi ine basi. Enanu mwatani?

Amalume: Ine ndinanena kale. Akwere basi abwere. Kwanu n'kwanu.

Mlamu: Amalume, munthu wagwa pa makwerero akuthyola malalanje, mwendo sukuponda pansi. M'basi akhala bwanji ulendo wonsewo? Kapitawo anangomupatsa Panado n'kumuuza kuti akapita kuchipatala akamugwira chifukwa pemiti inatha.

Msuweni: Alamu, kumeneko n'kumuopseza chabe. Malamulo aakulu a South Africa, gawo 27, amati wodwala mwakayakaya asabwezedwe kuchipatala, kaya ndi mbadwa kaya mlendo. Chimene akuthawa eni famu ndi lamulo la COIDA la 1993, lokhudza chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito. Munthu akavulala pa ntchito, bwana amayenera kukanena ngoziyo pasanathe masiku 7, pa fomu ya W.Cl.2.

Azakhali: Ndiye akakanena chimachitika n'chiyani, mwanawe?

Msuweni: Za kuchipatala amalipira a Compensation Fund, thumba la boma lothandiza ovulala pa ntchito, Azakhali. Ndipo miyezi 3 yoyamba ali chigonere bwana amamupatsa 75 peresenti ya malipiro ake. Akangokwera basi lero, palibe pepala losonyeza kuti anavulalira pa famu. Mawa adzati anagwa ali kumowa.

Amalume: Mapepala amachiza mwendo? Abwere, timuone ndi maso athu.

Achemwali: Amalume, gawo lanu silinafike.

Amalume: Ndidzatumiza ya basi. Ya zinazo ayi.

Azakhali: Achimwene, musayambenso. Tonse tikukumbukira mmene zinathera chaka chatha zija.

Amalume: Zinathera bwanji? Nenani.

Azakhali: Sindinatchule munthu.

Mzime: Ndani wasintha chithunzi cha gulu? Ine pamenepo mulibemo.

Azakhali: Unali kusukulu iwe. Taona mmene analili wonenepa mkulu wakoyo asanapite.

Mlamu: Panopa anatha thupi. Amayamba kuthyola kusanache, ndiye poti malipiro amatengera matumba amene wathyola, aliyense amathamanga pa makwereropo. Mwezi watha anapopera mankhwala opanda chotseka pamphuno, mutu unamupweteka sabata yonse, osauza munthu.

Achemwali: Tibwerere pa nkhani. Ndalama tikusonkhayi si ya chipatala yokha. Msuweni akufunika thiransipoti kuchoka ku Pretoria, galimoto yokamutenga pa famu poti ndi kutali ndi msewu, ndodo zoyendera, ndi chakudya cha ana mwezi uno. Abambo aang'ono, uthenga mwauona kuyambira dzulo, tikuona kuti mwawerenga.

Mzime: Achimwene aakulunso angoti zii.

Msuweni: Asiyeni kaye. Alamu, mumuuze asasaine pepala lililonse limene kapitawo angabweretse, makamaka lonena kuti wasiya yekha ntchito. Asunge timapepala ta malipiro, ajambule mwendowo ndi makwerero, alembe mayina a anzake amene anaona akugwa. Kuchipatala anene poyera kuti wavulala ali pa ntchito, kuti dokotala alembe lipoti loyamba la kuchipatala, pa fomu ya W.Cl.4. Bwana akakana kukanena, tipita tokha ku ofesi ya Labour.

Mlamu: Anzakewo akuopa, akuti akachitira umboni ntchito iwathera.

Msuweni: Ngakhale mmodzi yekha. Ndikalankhula nawo ndekha.

Amalume: Ine ndikuti abwere. Mudzandikumbukira.

Achemwali: Adzabwera, Amalume, koma ali ndi chikhakha ndi mapepala ake m'manja. Fupa likalumikizana mokhota adzagwiranso ntchito yanji? Ana mudzawaphunzitsa ndinu?

Azakhali: Mwanawe, amenewo ndi amalume ako, chepetsa mawu. Koma pa fupa wanena zoona. Achimwene, ya basi ija tumizani, tiyambe yagwira ntchito kuno.

Mzime: Ine theka ndatumiza pompano, lotsalalo pakutha pa mwezi.

Achemwali: Yafika. Msuweni, yomwe ilipoyi ikukwana kunyamuka mawa?

Msuweni: Yopitira ikukwana, yagalimoto yokamutenga ayi. Ndinyamuka m'mamawa ndithu, enawo mupitirize kuwaimbira. Alamu, mwendowo asauthowe ndi madzi otentha, auike pamwamba. Zala zikayamba dzanzi kapena kuda mundiimbire usiku womwe uno.

Mlamu: Ndamuuza. Akuti foni yatsala pang'ono kuzima, akatchajitsa kwa mnzake.

Achemwali: Abambo aang'ono, ndikukuimbirani tsopano. Muyankhe.